PAKHOMO PA MKRISTU: Gome la Ambuye pa Nthawi ya Mliri

Mwezi uno tikamba za funso limene achinyamata ambiri akhala akufunsa chipitire mliri wa COVID-19. Iwo akuti: "Pa nthawi ya mliri munatiuza kuti Mulungu ali ponseponse, ndi kuti tingathe kupembedza tili pakhomo, wailesi ili pambali. Nanga chasintha nchiani kuti lero tizitha mtunda kupita ku tchalitchi?" Makolo ena amayankha ndi ukali, ena amangoti chete. Koma funsoli si lachipongwe ai. Mwana wofunsa chotero waganiza, ndipo ayenera kulandira yankho loganizidwa bwino. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Pofuna kuliyankha, tiyeni titembenuzire maso ku Vinthukutu, kumwera kwa boma la Karonga, pafupi ndi doko la Chilumba. Kumeneko kuli Akristu olima mpunga ndi chinangwa, ena asodzi a usipa, ndipo a mpingo wathu amapembedza pansi pa Sinodi ya Livingstonia. Mseu waukulu wa M1, wochokera ku malire a Tanzania ku Songwe kupita ku Mzuzu, umadutsa dera lomwelo, kotero kuti mlendo aliyense, wabwino ndi woipa yemwe, sachedwa kufika. Ndi deranso limene lidziwa kuyambira kale matenda opatula munthu kwa abale ake.

ZIMENE ZINACHITIKA

Pa 20 Malichi 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, wodwala asanapezeke ndi mmodzi yemwe. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo misonkhano yoposa anthu 100 inaletsedwa. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe. Lamulo loti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 linaimitsidwa ndi Bwalo Lalikulu la Milandu pa 17 Epulo, motero boma lathu silinakhome zitseko za matchalitchi monga zinachitikira ku South Africa. Komabe mu Ogasiti chiwerengero chololedwa chinatsitsidwa kufika pa anthu 10; atsogoleri a mipingo anadandaula, ndipo chinabwezedwa pa 100. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwaukali. Nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo misonkhano inachepetsedwa kufika pa anthu 50. Katemera woyamba anafika m'dziko muno mu Malichi chaka chomwecho.

Pa pepala manambala amenewa aoneka opepuka, koma pa khomo la tchalitchi anali olemera. Anatanthauza mkulu wa mpingo ataima kuwerenga mitu ya olowa, nauza m'bale wake kuti adikire mapemphero achiwiri. Anatanthauza ndowa ya madzi ndi sopo pa khomo, nsalu yophimba kukamwa ndi mphuno, ndi mipata pa benchi pamene kale tinkapanikizana. Moni wa dzanja, umene kwa ife uli chiyambi cha ulemu wonse, unaleka. Agogo anapemphedwa kutsala kunyumba, iwo amene sanaphonyepo Sabata kuyambira ubwana wao. Chowawa koposa chinali pa maliro: kumene mudzi wonse ukadagona pa siwa ndi nyimbo usiku wonse, mtembo unkaikidwa mofulumira ndi anthu owerengeka, wofedwa natsala ndi misozi yopanda womtonthoza.

SUNALI MLIRI WOYAMBA

Inu anyamata ndi asungwana, musayese kuti mbadwo wanu ndiwo woyamba kuona zotere. Karonga anaona nkhondo pa 9 Seputembala 1914, pamene asilikali a Germany anamenyana ndi a Britain pa bomapo. Nkhondoyo itangotha, kumapeto kwa 1918, kunafika chimfine choopsa chimene chinapha anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lonse, ndipo m'dziko muno chinatsata njira zimene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kwao. Mpingo wa Livingstonia unali ukadali mwana. Abusa ake oyamba achikuda, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, anali atadzozedwa mu 1914. Mpingo wanthete umenewo unapirira mliriwo, ndipo mu 1924 unagwirizana ndi wa Blantyre kupanga CCAP, Nkhoma nalowa mu 1926.

Panalinso khate, nthenda imene kwa zaka zambiri inkachotsa munthu pa mbale ya banja. Ntchito yofufuza khate inayambika ku Chilumba mu 1979, ndipo midzi ya ku Karonga inayenderedwa khomo ndi khomo. Akulu a kumeneko akumbukira kuti mankhwala anachiza thupi msanga, koma mantha a anansi anachira pang'onopang'ono. Ndipo mliri wa korona utangochepa, kolera inabuka mu 2022 ndi 2023, nipha anthu oposa 1,700 m'Malawi, maboma a m'mphepete mwa nyanja ali m'gulu la okhudzidwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza mu Meyi 2023 kuti ngozi ya COVID-19 yatha, koma miliri siitsazika kotheratu. Nchifukwa chake nkhaniyi tiyenera kuiphunzira mvula isanagwenso.

KODI KUTALIKIRANA KUNALI KUCHEPA KWA CHIKHULUPIRIRO?

Alipo ena amene ankanena kuti wobvala chophimba kukamwa sakhulupirira mphamvu ya Mulungu. Mau otere amveka olimba, koma Malembo sawabvomereza. Pa Levitiko 13 Mulungu mwini analamula kuti wodwala nthenda ya pakhungu aonedwe ndi wansembe, napatulidwe masiku asanu ndi awiri, kuti msasa wonse usungike. Pa Mateyu 4 mdierekezi anaika Yesu pamwamba pa Kachisi namuuza kuti adziponye pansi, popeza angelo adzamgwira. Ambuye anakana, pakuti kudziponya dala m'ngozi ndiko kumuyesa Mulungu.

Mu 1527 mliri unagwa mu mzinda wa Wittenberg, ndipo Martin Luther anakana kuthawa. Koma m'kalata imene analemba chaka chomwecho analangiza Akristu kumwa mankhwala, kuyeretsa nyumba, ndi kupewa malo amene sakufunikako, kuopa kupatsira ena nthenda ndi kukhala ndi mlandu wa imfa yao. Anaonjezanso kuti mnansi akamfuna, iye adzapita kwa mnansiyo mosaopa. Mbali ziwirizi ziyendera pamodzi. Mkristu amene anatsala kunyumba chifukwa anali kutsokomola anasunga lamulo lachisanu ndi chimodzi, loletsa kupha. Ndipo amene anatula mtolo wa nkhuni pa khomo la wodwala anasunga lamulo la chikondi.

MPINGO WA M'NYUMBA

Tsono mnyamata ali ndi mbali yake yoona. Mulungu sakhala m'nyumba ya njerwa yokha. Danieli anapemphera katatu pa tsiku m'chipinda chake ku Babulo, Kachisi ali bwinja. Paulo anapereka moni kwa mpingo wosonkhana m'nyumba ya Akula ndi Priskila, ndi wa m'nyumba ya Filemoni. Makolo athu a Chipresbiterio anaidziwa bwino nkhaniyi, kotero kuti mu 1647 Msonkhano Waukulu wa Mpingo wa ku Scotland unakhazikitsa malangizo a mapemphero a m'banja, wofuna kuti mutu wa banja uzisonkhanitsa a m'nyumba m'mawa ndi madzulo kupemphera, kuwerenga Mau ndi kufunsana za katekisma.

Mliri unaulula makomo amene anali ndi moto umenewu ndi amene anali ndi phulusa lokha. M'nyumba zina bambo anatsegula Baibulo, mai nayambitsa nyimbo, mwana wa sukulu nawerengera agogo ake amene maso anachita chidima, ndipo ana anamva kwa nthawi yoyamba liu la atate wao likupemphera. M'nyumba zina Sabata linangosanduka tsiku lochapa ndi lopita kudimba, pakuti ntchito yonse yophunzitsa ana inali itasiyidwa kalekale m'manja mwa aphunzitsi a Sande Sukulu. Inu makolo, m'mera mpoyamba. Tsiku limene munaimirira pamaso pa mpingo kubatiza mwana wanu, munalonjeza kumlera m'chikhulupiriro, ndipo lonjezolo silinaimitsidwe ndi lamulo lililonse la boma.

Tiyamikanso Mulungu chifukwa cha wailesi, monga Voice of Livingstonia ndi Trans World Radio, ndi mauthenga a pa WhatsApp amene anafikitsa Mau kwa obindikira. Koma tikumbukire kuti si khomo lililonse la ku Vinthukutu linali ndi wailesi ya mabatire amoyo kapena foni ya intaneti. Mkazi wamasiye wosauka, amene pa benchi ya tchalitchi amalandira ulaliki wofanana ndi wa mwini sitolo, anatsalira pamene ulaliki unayamba kugulidwa ndi mayunitsi. Mtumwi Yohane anali nazo inki ndi pepala, koma m'kalata yake yachiwiri anaonetsa kuti mtima wake sunakhute nazo. Anafuna kuonana nao maso ndi maso kuti chimwemwe chidzale.

NANGA MGONERO WA AMBUYE?

Apa ndipo pagona nkhani. Ulaliki ungayende pa mphepo, koma mkate suyenda pa mphepo. Ena anafunsa kuti: kodi bambo sangatenge mkate ndi Sobo, nagawira a m'nyumba mwake pamene abusa akuwerenga mau a Mgonero pa wailesi? Mipingo ina ya ku America inalola zotere mu 2020, anthu akudya aliyense kwake ali kupenyana pa kompyuta. Ife sitiweruza mitima yao, pakuti njala imene inawakakamiza inali yoona. Koma tiyenera kufunsa chimene Mgonero uli.

Werengani 1 Akorinto 11 kuyambira ndime 17, ndipo muwerenge kuti Paulo atchula kangati za kusonkhana pamodzi, mupeza kasanu. Cholakwa cha Akorinto chinali chakuti yense ankayamba kudya chakudya chake, olemera nakhuta, osauka ofika mochedwa napeza mbale zouma. Mankhwala amene Paulo anawapatsa ndiwo akuti azilindirana. Pa mutu 10 aphunzitsa kuti umodzi wa mkate uonetsa umodzi wa thupi. Chibvomerezo cha Westminster cha 1646, chimene mipingo ya Chipresbiterio inalandira, chitsata njira yomweyo pa mutu 29: mkate ndi chikho zipatulidwa ndi mbusa wodzozedwa, ndipo zipatsidwa kwa iwo amene ali pomwepo mu msonkhano. Mgonero ndi nsima ya banja lonse la Mulungu. Pa gome limenelo mfumu ndi msodzi atambasula dzanja ku mbale imodzi, ndipo amene anakangana za malire a munda ayenera kuyamba ayanjana asanakhale pa benchi imodzi. Munthu akadya yekha m'nyumba mwake, palibe womkakamiza kukhululukira mnzake.

Kodi tsono amene anakhala miyezi osalandira Mgonero anasiyana ndi Kristu? Iai ndithu. Pa Numeri 9 tiwerenga za amuna ena amene anadetsedwa ndi mtembo, nalephera kudya Paska pa tsiku lake. Iwo sanaphe mwana wa nkhosa mobisa kunja kwa msasa, ndipo sananene kuti Paska alibe kanthu. Anapita kwa Mose ndi dandaulo lao, ndipo Mulungu anawapatsa tsiku lina mwezi wachiwiri, iwo pamodzi ndi a paulendo wautali. Koma ndime 13 ichenjeza munthu amene ali woyera, wosakhala paulendo, nangoleka dala. Mulungu asiyanitsa woletsedwa ndi waulesi. Kwa woletsedwa ali ndi chifundo ndi tsiku lina. Chisomo chake sichitsekeredwa m'chikho, pakuti wachifwamba wa pa mtanda analowa m'Paradaiso wosalawa Mgonero. Koma chiletso chikachoka, chowiringula chachokanso.

Akristu a m'nyumba zazing'ono za mapemphero adziwa kale kulindira kumeneku. Mbusa mmodzi ayang'anira malo ambiri, ndipo Masabata ochuluka alalikira ndi akulu a mpingo, Mgonero nubwera kangapo pa chaka. Kulindirako sikuchepetsa Mgonero, kumaukulitsa. Mu 1898 ku Ekwendeni, pa nthawi ya Donald Fraser, anthu pafupifupi 4,000 anasonkhana masiku angapo pa msonkhano wa masakramento, ambiri atayenda pansi mitunda yaitali ndi kamba pamutu. Njala yotere ndiyo tiyenera kuipempha. Ndipo za okalamba ndi odwala mpingo uli ndi njira yake yakale: abusa apita kunyumba pamodzi ndi akulu a mpingo ndi Akristu owerengeka, kuti wodwala asadye yekha, koma mpingo ufike pa mphasa yake.

CHIYANJANO CHILI NDI MANJA NDI MAPAZI

Sabata ndi Sabata timabvomereza kuti tikhulupirira chiyanjano cha oyera mtima. Mliri unayesa ngati mauwo ali ndi thupi. Mu Meyi 2020 mabasi anayamba kubweza abale athu kuchokera ku South Africa, ntchito zitatha. Amene dzulo tinkawayamika chifukwa cha malata ndi fizi, lero tinawaloza chala kuti abwera ndi nthenda. Kuwapempha kuti akhale padera masiku 14 kunali nzeru. Kuwasala ndi kuwanyoza kunali tchimo. Akhate khumi a pa Luka 17 anaima patali monga lamulo linafunira, koma liu lao linafika kwa Yesu, ndipo iye sanatembenuze nkhope. Kutalikirana kwa matupi kuloledwa. Kutalikirana kwa mitima sikunaloledwepo. Chibale ndi fupa, sichiola.

Pamwamba pa mapiri amene aonekera kumwera kwa Chilumba pali Khondowe, kumene Robert Laws anakhazikitsa Livingstonia mu 1894. Mu Malichi 1959, dziko lili pa chipwirikiti, ndege ya boma la atsamunda inaponya uthenga wofunsa ngati amishoni afuna kuchotsedwa kuti apulumuke. Akuda ndi azungu anakhala pansi pamodzi, nagwirizana kuti sasiyana, ndipo anayala pa kapinga zilembo zoyera zoloza ku Aefeso 2:14, ndime yonena za Kristu wogwetsa khoma lolekanitsa anthu. Yankho lao linawerengedwa kuchokera mumlengalenga chifukwa linali looneka ndi maso. Chiyanjano chathu chiyeneranso kuoneka.

Ili ndilo yankho lathu kwa inu achinyamata. Wailesi ingakulalikireni, koma siidziwa dzina lanu. Mukasowa Masabata atatu, wailesi siituma mkulu wa mpingo kudzagogoda pa khomo panu. Siingakubatizeni, siingakudzudzuleni mukasokera, siingasenze bokosi la mai wanu, siingaphike pa maliro monga achitira amai a Umanyano. Ndiponso mpingo ukusowani inuyo: liu lanu m'kwaya, mphamvu zanu pofolera denga la wamasiye, maso anu powerengera okalamba. Mutu umodzi susenza denga. Wolemba Ahebri, pa mutu 10, anadziwa kale kuti kuleka kusonkhana kumasanduka chizolowezi, ndipo chizolowezi chimayamba ndi chifukwa chomveka, nichitsala chifukwacho chitapita.

ZOTI TICHITE

Choyamba, banja lililonse likhale ndi nthawi yake ya mapemphero tsiku ndi tsiku, ngakhale yaifupi: nyimbo imodzi, ndime zowerengeka, ndi pemphero lotchula anthu maina. Ana apatsidwe mbali.

Chachiwiri, akulu a mpingo atsegule kaundula wa chigawo chao, naone amene sanabwererenso chiyambire 2020. Ena ali ndi manyazi, ena ali ndi chilonda chifukwa m'bale wao anaikidwa popanda nyimbo ndipo palibe anafika kudzapepesa. Apiteko mofatsa, kukamva asanalankhule. Chipepeso chochedwa chiposa chosafika.

Chachitatu, madikoni ndi achinyamata adziwiretu makomo a okalamba, olumala ndi odwala, kuti mliri wina ukadza pasakhale woiwalika, ndi kuti pa nyengo ya Mgonero abusa auzidwe amene sangathe kuyenda.

Chachinai, tisunge zabwino zimene tinaphunzira. Ndowa ndi sopo zisachoke pa khomo la tchalitchi ndi pa maliro, pakuti zitchinjiriza ku kolera. Wodwala apite kuchipatala msanga, ndipo uphungu wa azaumoyo tiulandire monga mphatso ya Mulungu.

Chachisanu, Mgonero ukalengezedwa, tifike pa mapemphero okonzekera, tiyanjane ndi amene tinalakwirana nao, ndipo tikhale pa gome ndi mtima wa munthu amene anailawa njala.

Zowerenga pabanja sabata lino: Lolemba, Numeri 9:1-14, Lachiwiri, Masalmo 42, Lachitatu, Danieli 6:1-13, Lachinai, Luka 17:11-19, Lachisanu, 1 Akorinto 11:17-34, Loweruka, Ahebri 10:19-25. Mutawerenga funsanani: ndani m'mudzi mwathu amene malo ake pa benchi akadali opanda munthu, ndipo ndani wa m'nyumba muno adzapita kukamuona?

Tipemphere: Atate wathu, munatisunga pamene tinabalalika, ndipo simunataye ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anagona m'masiku aja. Tonthozani amene analira okha. Yatsani moto wa pemphero m'makomo mwathu, bwezani osokera, ndipo mutipatse njala ya gome lanu, kufikira tsiku limene tidzadya pamodzi mu Ufumu wanu. M'dzina la Yesu Kristu. Amen.